Kompyuta ikuyaka, koma woipanga anasiya kuisamalira

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. M'mawa mwake makompyuta a m'maofesi a ku Graniteside ndi ku Msasa mu Harare, a m'masukulu, a pa matilu a m'mashopu a ku Mbare ndi ku Highfield anayaka monga mwa masiku onse. Word inatseguka, pulinta inasindikiza. Vuto lagona pomwepa: pulogalamu ikatha nthawi yake siizima ayi, imangosiya kulandira ma update, ndipo mwini wake amapitiriza kuikhulupirira.

Tsiku lotere silibwera modzidzimutsa. Makampani akuluakulu amalilengeza padakali zaka. Kale Microsoft inkapereka zaka pafupifupi 10: zisanu zoyamba inkakonza zolakwika ndi kuwonjezera zatsopano, zisanu zotsatira inkangotumiza zachitetezo. Windows XP inatha pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, Windows 8.1 pa 10 Januwale 2023. Koma musaganize kuti zaka 10 ndi lamulo. Office 2016 ndi Office 2019 zinathera tsiku limodzi ndi Windows 10, kutanthauza kuti ya 2019 inangokhala zaka zisanu ndi ziwiri. Office 2021 inapatsidwa zisanu zokha, mpaka 13 Okutobala 2026. Amene anagula yatsopanoyo poganiza kuti wapuma, apite akaone tsikulo.

Nanga chimene mwataya n'chiyani kwenikweni? Mwezi uliwonse, Lachiwiri likafika kachiwiri, Microsoft imatulutsa ma update otseka ziboo zimene zapezeka mu Windows. Akuba a pa intaneti nawonso amawadikirira. Amatenga fayilo yokonzedwayo n'kuiyerekeza ndi yakale, ndipo pamene pasintha m'pamene panali chiboo. Popeza Windows 11 inamangidwa pa maziko a Windows 10, kawirikawiri chiboo chimene chatsekedwa mu yatsopano chimakhalaponso mu yakale. Choncho update iliyonse ya anzanu imalozera mbala pamene pali potseguka kwa inu, ndipo ziboozo zimangochuluka mwezi ndi mwezi popanda wozitseka. Antivirus imathandiza kugwira mafayilo oipa, koma siingakonze cholakwika chimene chili mkati mwa Windows yeniyeniyo.

Mu Meyi 2017 vairasi ya WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta ambirimbiri m'maiko oposa 100, kuphatikizapo a m'zipatala za NHS ku Britain, n'kumafuna madola 300 kuti iwatsegule. Update yotseka chiboo chimenecho inali itatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho. Ambiri amene anagwidwa anali pa Windows 7, yomwe nthawiyo inali ikusamalidwabe, kungoti sanaike update ija. Nkhaniyi ikutikhudza ife amene timazimitsa Windows Update pofuna kusunga data, komanso amene tili ndi Windows yokopera imene wotiikira anatilangiza kuti tisaipange update. Kompyuta yotere siisiyana ndi imene inatha nthawi. Pa nthawi ya WannaCry Microsoft inatulutsa update yapadera ya XP, koma chisomo chotere si chodalira.

Wopanga Windows akachoka, enanso amatsatira. Chrome 109 ndiye inali yomaliza kugwira pa Windows 7 ndi 8.1, kuchiyambi kwa 2023. Browser ikatsalira, masamba a banki kapena a msonkho amayamba kutseguka mwatheka kapena kukaniratu. Pulinta yatsopano imabwera yopanda driver, kapulogalamu koilumikiza ku Windows yanu. Mukaimbira amene anakugulitsani pulogalamu ya maakaunti, funso lawo loyamba limakhala lakuti muli pa version iti, ndipo ikakhala yakale amakuuzani kuti musinthe kaye asanaone vuto lanu.

Yambani ndi kudziwa chimene muli nacho. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani winver, dinani Enter. Kabokosi kadzaonetsa dzina ndi version. Ya Windows 10 yomaliza ndi 22H2. Kenako lembani tpm.msc m'malo omwewo kuti muone ngati kompyuta ili ndi TPM, kachipangizo kachitetezo ka m'kati mwake. Windows 11 imafuna TPM 2.0, Secure Boot, RAM yosachepera 4GB, disiki yosachepera 64GB, ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Tpm.msc ikanena kuti TPM palibe, musathamangire kugula ina. Pa makompyuta ambiri imakhalapo koma yozimitsidwa mu BIOS (ma settings amene mumalowamo kompyuta ikamayaka, Windows isanatseguke), pansi pa dzina la PTT ngati ndi Intel kapena fTPM ngati ndi AMD. Kapulogalamu kaulere ka PC Health Check kamakuuzani chenicheni chimene chikulepheretsa.

Pogula laputopu ya sekandi m'tauni, chomata cha Core i5 kapena Core i7 pachokha sichikuuzani kanthu. Onani nambala yotsatira. Pa i5-6300U ndi i5-7200U, 6 ndi 7 ndiwo m'badwo, ndipo zimenezi sizili pa mndandanda wa Windows 11, koma i5-8250U ilipo. Mudzapezanso makina akale amene aikidwa Windows 11 mokakamiza, podumpha zofunikira zija. Amagwira ntchito, inde, koma Microsoft inanena poyera kuti siilonjeza kuwatumizira ma update. Komanso version iliyonse ya Windows 11 Home ndi Pro imasamalidwa miyezi 24 yokha, ndiye makina okakamizawo akalephera kukwera okha kupita ku version yotsatira, mwabwerera pomwe munali. Ine ndikanawonjezera madola ochepa n'kutenga ya m'badwo wa 8.

Kwa amene sangasinthe msanga pali kugula nthawi. Ndondomeko yake ndi ESU, imene Microsoft imapitirizira kutumiza ma update achitetezo ku Windows 10, ndipo imafuna 22H2. Munthu wamba anapatsidwa chaka chimodzi, mpaka 13 Okutobala 2026, pa madola 30, kapena popanda kulipira ngati walumikiza kompyuta ku akaunti ya Microsoft n'kuyatsa Windows Backup. Makampani amayambira pa madola 61 pa kompyuta iliyonse, mtengo n'kumawirikiza kawiri chaka ndi chaka, mpaka zaka zitatu. Ofesi ya makompyuta 10 iwerengere bwino isanalowemo. Ngati ntchito yanu ndi intaneti, makalata ndi imelo basi, Ubuntu LTS kapena Linux Mint zimayenda bwino pa makina akale, n'zaulere, ndipo zimasamalidwa zaka zisanu. Koma pulogalamu ya maakaunti ya Pastel ndi mapulogalamu ambiri a pa tilu anapangidwira Windows.

Tsiku losintha lili ndi misampha yake. Koperani mafayilo onse pa disiki yakunja, ndipo tsegulani ena mwa iwo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akopeka. Lembani papepala malaisensi a mapulogalamu onse. Ngati tilu yanu ili ndi makina otumiza malisiti ku bungwe la msonkho la ZIMRA, imbirani amene anakuikirani, muwafunse ngati pulogalamu yawo ikugwira pa Windows 11, ndipo yankho likhale lolembedwa. Windows 11 imaposa 5GB, choncho itsitseni kamodzi pa flash ya 8GB n'kuikira makina onse. Musayambe opanda UPS kapena inveta: magetsi a ZESA akathima pakati pa ntchitoyi, kompyuta ikhoza kukana kuyaka. Mukakwera, muli ndi masiku 10 obwerera ku Windows 10 kudzera mu Settings, ndiye yesani pulinta, sikana ndi maakaunti m'masiku amenewa.

Foni nayonso ioneni. Mu Settings muli tsiku la update yomaliza ya chitetezo ya Android. Likakhala la zaka ziwiri zapitazo, foni imeneyo si yoyenera kusungira EcoCash ya bizinesi.

Pali makina ena amene sangasinthidwe n'komwe, monga kompyuta yoyendetsa makina odulira zitsulo kapena yosindikizira zikwangwani, imene driver yake inathera pa Windows 7. Imeneyo ichotseni pa netiweki: zulani chingwe, zimitsani Wi-Fi, musatsegulirepo imelo. Wogwiritsa ntchito alowe ndi akaunti wamba, osati ya administrator. Ikhale ndi flash yakeyake imodzi, yoyamba yapimidwa pa kompyuta yatsopano isanalowetsedwe. Ndipo pangani kope la disiki yonse pa disiki ina, mulisunge m'kabati, chifukwa disikiyo ikadzafa, wopanga pulogalamuyo sadzakutumizirani ina yoikira.