Wotsekeredwa sakonda womutsekera, mafilimu asatinamize

Zaka zonsezi, m'maminibasi a ku Matero ngakhale kometetsa tsitsi, nkhani ndi yomweyo: akuti munthu akatsekeredwa nthawi yaitali amayamba kukonda womutsekerayo, ndipo ati ndi matenda otchedwa Stockholm syndrome, monga timaonera m'mafilimu oopsa aja. Ndatopa nazo.

Dzina loti Stockholm syndrome linayamba mu 1973, achifwamba atasunga antchito 4 a pabanki ku Stockholm, m'dziko la Sweden, masiku 6. Koma m'mabuku omwe madokotala a zamaganizo amazindikirira matenda, mulibemo. Mtsikana wa m'filimu akamamwetulira polandira mbale ya chakudya pansi pa chitseko, akungofuna kuti kumuchere ali moyo. Zachikondizo n'zokometsera filimu.

Musanatumize nkhani zoterezi m'magulu a pafoni, fufuzani dzinalo pa intaneti, muone ngati wolembayo ndi dokotala kapena wotsatsa filimu. Mukapanda kupeza gwero, zisiyeni pomwepo.