Ana akavota kusukulu, bokosilo limatiuza chiyani?

Bambo wina anandiimitsa pamsika wa paboma ndikugula usipa. Titapatsana moni anatsitsa mawu n'kuti, "Aphunzitsi, ndamva kuti ana anu avota kusukuluko. Ndiye wapambana ndani? Tiuzeni tidziwiretu kumene mphepo ikulowera." Sanali kuseka ayi. Iwo ankakhulupirira kuti zimene zatuluka m'bokosi la ana ndi zomwe zidzatulukenso m'bokosi la MEC, bungwe loyendetsa zisankho m'dziko muno, pakuti mwana amalankhula zimene wamva pakhomo.

Ndimaphunzitsa Social Studies kusekondale kuno ku Mangochi, ndipo monga aphunzitsi ambiri m'dziko muno ndinagwirapo ntchito pamalo oponyera voti. Chisankho choyeserera ndimachikonda, ndimachichititsa, ndipo ndikanakonda sukulu iliyonse kuyambira ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay ikanamachita. Koma funso la bambo aja limandidetsa nkhawa, chifukwa tikachitenga ngati ula wolosera mtsogoleri wa dziko, timataya phindu lake lenileni, mwinanso kuika ana pamavuto.

Chisankho choyeserera ndi chomwe ophunzira amatsata ndondomeko yonse ya chisankho chenicheni, koma zotsatira zake sizipatsa munthu mpando m'boma. Pamakhala kalembera, kampeni, mapepala oponyera voti, malo obisika ochongerapo, bokosi, mamonitala ndi kuwerenga mavoti poyera. Maiko ena anachikhazikitsa kalekale. Ku Norway ophunzira a sekondale amavota dziko lonse kutatsala masiku ochepa kuti akuluakulu avote. Ku America kampani ya mabuku a ana ya Scholastic yakhala ikuvotetsa ana asukulu pa mpikisano wa pulezidenti kuyambira 1940.

Maganizo a bambo aja si opanda mutu. Ana a ku America aja kawirikawiri ankasankha yemwe akuluakulu anadzasankhadi, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: mwana wamng'ono sawerenga manifesito, amabwereza zimene bambo amanena pomvera wailesi ndi zimene mayi amadandaula pochokera kumsika. Komabe anawo anaphonya mu 1948, anaphonya mu 1960 pomwe anasankha Richard Nixon koma wopambana n'kukhala John Kennedy, anaphonyanso mu 2016 pomwe anasankha Hillary Clinton koma mpando n'kupita kwa Donald Trump. Onani kuti zaka zimenezi ndi zomwe mpikisano unali wothina. Pamene aliyense akudziwa kale wopambana, ana nawonso amadziwa. Pamene mukufunitsitsa wokuuzani, ndi pomwe bokosi la ana limasowa chonena.

Nkhani yagona pa funso limodzi limene akatswiri a kafukufuku amayamba nalo: mwafunsa ndani, nanga mwasiya ndani? Mayi akamaphika ndiwo salawa mphika wonse, amalawa kasupuni kamodzi, koma amayamba atakasa kuti mchere ufike ponseponse. Kafukufuku wabwino amatero. Bungwe lofufuza maganizo a anthu la Afrobarometer limafunsa anthu pafupifupi 1,200 m'Malawi muno, osankhidwa mwamaere m'zigawo zonse, akumudzi ndi am'tauni, amayi ndi abambo, ndipo mayankho awo amayandikira maganizo a dziko lonse ndi kusiyana kwa mbali zitatu zokha pa 100. Kuchuluka kwa anthu pakokha sikuthandiza. Mu 1936 magazini ina ya ku America, Literary Digest, inalandira mayankho oposa 2 miliyoni n'kulengeza kuti Alf Landon apambana. Franklin Roosevelt anapambana ndi mavoti ochuluka zedi. Magaziniyo inatenga maina ambiri m'mabuku a eni matelefoni ndi eni magalimoto, kutanthauza anthu opeza bwino, osauka n'kutsala kunja.

Tsopano taganizirani sukulu imodzi ya kuno kwathu. Ndi mphika wosatakasa. Ana a sukulu ya ku Namwera, kumene anthu amadalira ulimi, sadandaula zofanana ndi a ku Malindi kapena ku Makawa, kumene nkhani ya tsiku ndi tsiku ndi mtengo wa mafuta a injini ya boti ndi kuchepa kwa chambo. Sukulu yogonera konko imasonkhanitsa ana ochokera m'maboma ena, choncho mavoti awo sanena za mudzi umene sukuluyo ili. Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: amene sali m'kalasi ndi ambiri. Mnyamata amene anasiyira Sitandade 6 n'kupita kukakoka khoka, mtsikana amene anakwatiwa asanalembe mayeso, mabanja amene bambo ali ku Joni ndipo ana akuthandiza mayi ganyu, onsewa m'bokosi la kusukulu mulibe mawu awo, koma patsiku lenileni amene akwanitsa zaka 18 ndipo analembetsa amakaima pamzere. Mwana amene wafika Fomu 4 kuno ku Mangochi ndi wamwayi kale, ndipo banja lake silingaimire mabanja onse.

Palinso china. M'kalasi aliyense amavota chifukwa belu lalira ndipo mphunzitsi waima pakhomo. Kumudzi anthu ena salembetsa, ena amalembetsa koma tsikulo n'kupita kunyanja. Komanso achinyamata amatengerana. Mnyamata mmodzi wotchuka pa mpira akanena poyera amene akumufuna, theka la kalasi limatsatira.

N'chifukwa chake ine sindiika maina a opikisana enieni pa pepala la ana. Ndikudziwa aphunzitsi anzanga ena amatsutsa, amati mukachotsa maina enieni mwachotsa mchere, ana sachita nacho chidwi, ndipo ku Norway kuja amavotera zipani zenizeni. Mfundo yawo ndimaimva. Koma kuno sukulu ili pakati pa mudzi, aliyense amadziwa kuti kalasi iyi ndi ana a mabanja ati. Zikamveka kuti ana a pasukulu yakutiyakuti akana chipani chakuti, mawa lake nkhani ili pa WhatsApp, mkuja wina akufunsa mphunzitsi wamkulu kuti mukuwaphunzitsa chiyani anawa. Ndinaonapo mtsikana akulira chifukwa anzake ankamunena ndi dzina la chipani cha bambo ake, nkhani itangoyambira pa mtsutso wa m'kalasi. Mphunzitsi ndi wantchito wa boma amene amaphunzitsa ana a anthu a zipani zonse, a kumzikiti ndi a kutchalitchi, ndipo makolo akangomukayikira kuti akukokera ana mbali ina, chikhulupiriro chimenecho sichibwerera msanga.

Chimene timachita ndi ichi. Ana amapanga zipani zawozawo, ndi maina ndi zizindikiro zawo, wina nsomba, wina mlambe, wina bwato. Nkhani za kampeni zimakhala zenizeni zimene zikuwakhudza: zimbudzi za atsikana, mjigo wowonongeka, mabuku osowa mulaibulale, kuchedwa kwa amene amachokera kutali. Nthawi zina timalumikiza ndi kusankha mapulifekiti kuti voti ikhale ndi zotsatira zooneka. Chidwi sichichepa konse. Ndipo timaika lamulo loletsa kugawa maswiti, zitumbuwa kapena ndalama, monga momwe lamulo la zipani la 2018 limaletsera kugawa zinthu pokopa ovota. Tsiku lina wopikisana wina anagwidwa akugawa mandasi pa buleki, ndipo komiti ya ophunzira anzake inakhala pansi kumva mlanduwo. Zimene anakambirana masana amenewo sindikanatha kuziphunzitsa ndi choko.

Phunziro loyamba ndi la chinsinsi. Ana ambiri amabwera akukhulupirira kuti mfumu, mwini boti kapena wandale amene anapereka chitenje ali ndi njira yodziwira pamene munthu wachonga. Amamva zimenezi kwa akuluakulu. Mwana akalowa yekha kuseri kwa katoni, n'kuchonga, n'kupinda pepala, n'kuliponya m'bokosi momwe lasakanikirana ndi mapepala ena mazana, amaona ndi maso ake kuti palibe angalondole pepala lake. Ameneyo akapita kunyumba amakauza agogo ake.

Lachiwiri ndi kachongedwe. Amene anawerengapo mavoti usiku ndi nyali amadziwa chisoni chogwira pepala la munthu amene anayenda mtunda wautali, anaima padzuwa la Mangochi maola angapo, koma wachonga anthu awiri, kapena walemba dzina lake, kapena waliponya losachonga. Voti yotere imakhala yowonongeka. Pa chisankho cha ana timaunjika mapepala owonongeka padera n'kumawaonetsa limodzilimodzi, ana okha n'kumanena chimene chalakwika.

Koma mtima wa zonse ndi kuwerenga. Bokosi limaonetsedwa kwa onse lili lopanda kanthu lisanatsekedwe. Pomaliza timaliwerenga pamaso pa mamonitala a chipani chilichonse, pepala lililonse likukwezedwa m'mwamba. Chiwerengero cha mapepala ogwiritsidwa ntchito, owonongeka ndi otsala chiyenera kugwirizana ndi mapepala amene tinayamba nawo. Kenako timalemba fomu ya zotsatira, mamonitala n'kusainira, aliyense n'kutenga yake. Apa ndi pamene ndimawauza za 2019. Chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May chaka chimenecho chinathetsedwa ndi khoti pa 3 February 2020, ndipo china mwa zimene oweruza asanu a mlanduwo anapeza chinali mafomu a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex. Ana amene angosainira fomu yawo amamvetsa msanga chifukwa chake nambala yofufutidwa popanda mboni ili nkhani yaikulu. Pa fomu yathu, wolakwitsa amadula mzere umodzi, kulemba nambala yolondola pambali, mamonitala onse n'kusainira pomwepo.

Chigamulo chomwecho chinatanthauziranso kuti wopambana upulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka, chimene anthu amangoti 50+1. Ambiri amalitchula lamuloli osalimvetsa, koma m'kalasi limamveka ndi masamu apafupi. Tiyerekeze kuti ovota ndi 300, opikisana atatu apeza 110, 100 ndi 90. Mwa kale, wa 110 watenga mpando ngakhale anthu 190 sanamufune. Umu ndi momwe zinkakhalira: mu 2014 Peter Mutharika anapambana ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 aliwonse. Mwa lamulo latsopano pafunika 151, ndipo ngati palibe wafikapo, awiri otsogola amabwereza. Pamenepo ana amazindikira okha kuti anthu 90 aja asanduka ofunika kwambiri, ndipo amayamba kumvetsa chifukwa chake mu 2020 zipani zinapanga migwirizano, Lazarus Chakwera ndi Saulos Chilima mbali ina, Peter Mutharika ndi Atupele Muluzi mbali inayo. Ine ndimakonda chisankho cha ana chikafika pa chibwereza, chifukwa mlungu umenewo wopikisana amene ankanyoza anzake amaphunzira kupita kukawapempha mwaulemu.

Ndiye pali kugonja. Mwana wa zaka 16 amene waima pamaso pa sukulu yonse, wapempha mavoti, n'kupeza 23 okha, amamva kuwawa kwenikweni, ndipo sitiyenera kumuseka. Timamupatsa njira yodandaulira ngati akuona kuti china sichinayende bwino: alembe, abweretse umboni, komiti imve. Ngati palibe umboni, amagwirana chanza ndi wopambana pa asembule. Dziko lathu laona atsogoleri ali pampando akugonja pa voti mu 1994, mu 2014, mu 2020 ndi mu 2025, ndipo ana amene ali m'kalasi lero ndiwo adzakhale mamonitala, makalaliki a chisankho ndi opikisana m'zaka zikubwerazi.

Kwa makolo, pempho langa ndi lakuti mwana akabwera n'kunena kuti lero tinavota, musathamangire kufunsa kuti wavotera ndani. Mufunseni ngati bokosi linaonetsedwa lopanda kanthu, ngati mavoti anawerengedwa poyera, ndiponso ngati manambala anagwirizana. Kwa aphunzitsi amene mukufuna kuyamba, simufunika ndalama zambiri: makatoni awiri, mapepala odinda sitampa ya sukulu kumbuyo, ndi inki ya padi yodindira chala. Alangizi a NICE, bungwe lophunzitsa anthu za ufulu ndi demokalase, amene ali m'boma lino ntchito yawo ndi yophunzitsa anthu zoterezi, ndipo ndi bwino kuwaitana. Dziwitsaninso komiti ya makolo musanayambe, kuti asamve mphekesera.

Bambo a pamsika aja ndinawauza kuti chapambana ndi chipani cha bwato, pa chibwereza, ndipo lonjezo lake lalikulu linali kukonza zitseko za zimbudzi za atsikana. Anakhala chete pang'ono, kenako anandifunsa ngati mwana wawo, amene ali Fomu 2, angaloledwe kukhala monitala chaka chamawa. Ndinawauza kuti abwere adzalembetse dzina teremu ikangoyamba.