Tambala wa m'khola ndi tambala ya m'thumba

Munthu akati "ndilibe ndi tambala yomwe", ambiri amaganiza kuti mawu oti tambala amatanthauza kanthu kochepetsetsa kuyambira kalekale, ndipo kuti angofanana mwangozi ndi dzina la nkhuku yaimuna. Si choncho ayi. Tambala wake ndi yemweyo wolira m'bandakucha uja.

Mu 1971 Malawi anasiya mapaundi ndi mashileni n'kuyamba kwacha. Dzina loti kwacha limanena za kucha kwa kunja, ndipo linali mfuu ya omenyera ufulu. Nanga amalengeza kuti kwacha ndani? Tambala, yemwenso anali chizindikiro cha Malawi Congress Party. N'chifukwa chake gawo limodzi mwa magawo 100 a kwacha linatchedwa tambala, ndipo pa kandalama ka 1 tambala panali chithunzi cha mbalameyi.

Tanthauzo la kuchepa linabwera pambuyo, ndalama itatha mphamvu mpaka tambala osagulanso ngakhale machesi. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti chilankhulo chinasiyanitsa chokha ziwirizi: wa m'khola timati tambala mmodzi, ya m'thumba timati tambala imodzi.