Usiku umene anthu a ku Latvia sagona

Ku Latvia, dziko la m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, mwezi wa Juni ndi pakati pa chilimwe. Mumzinda wa Riga, likulu la dzikolo, dzuwa limakhala likuwala pafupifupi maola 18, ndipo mdima ukangoti wagwa, kum'mawa kumakhala kwayamba kale kufiira. Pa 23 Juni anthu amakhamukira kumidzi kukachezera mpaka m'mawa wa pa 24. Mwambowu amautcha Jāņi.

Chiyambi chake ndi cha alimi akale amene ankalemekeza dzuwa pa tsiku lalitali koposa m'chaka, ntchito yofesa itatha, yomweta udzu wa ziweto isanayambe. Kenaka kunabwera Ajeremani ndi mtanda komanso lupanga. Bishopu Albert anakhazikitsa Riga mu 1201, ndipo m'kupita kwa nthawi chikondwererocho chinalumikizidwa ndi tsiku lokumbukira kubadwa kwa Yohane Mbatizi, pa 24 Juni. Dzina loti Jānis, lomwe linabala dzina la mwambowu loti Jāņi, ndi Yohane amene. Koma za pabwalo zinatsala zamakolo.

Mwamuna amavala nkhata yaikulu ya masamba a thundu kumutu, makamaka ngati dzina lake ndi Jānis, pomwe amayi ndi atsikana amaluka zawo ndi maluwa akutchire. Mayi wa pakhomo amatulutsa tchizi chozungulira, chachikasu ngati dzuwa, chothira timbewu tonunkhira ta caraway. Bambo amatulutsa mowa. Pachitunda amasonkha chimoto choti chisazime mpaka dzuwa lituluke, chifukwa amati wogona usiku umenewu adzangokhalira tulo chilimwe chonse. Anyamata ndi atsikana amazemba awiriawiri kukafuna duwa la chomera chotchedwa fern, chomwe aliyense akudziwa kuti sichichita maluwa.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi nyimbo. Ndi zazifupi, kawirikawiri mizere inayi, ndipo khamu limavomera kuti "līgo, līgo". Krišjānis Barons, mlembi wa ku Latvia, anathera zaka zambiri akusanja nyimbo zamakolo zimene anthu ankamutumizira, iliyonse pa kapepala kakang'ono, n'kumazisunga m'kabati ya madirowa. Zoposa 200,000 zinasindikizidwa pakati pa 1894 ndi 1915, ndipo mu 2001 bungwe la UNESCO linaika kabatiyo m'kaundula wa zolembedwa zofunika padziko lonse.

Ulamuliro wa Soviet Union, umene Latvia inali pansi pake pa nthawiyo, unaona kuti mwambowu ukukumbutsa anthu kuti ndi mtundu pawokha, ndiye kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 unauletsa. Koma ungaletse bwanji munthu kusonkha moto kuseri kwa nyumba ya agogo ake? Anthu ankaweruka kuntchito, n'kukayimba kumudzi, m'mawa n'kubwerera maso ali psuu.

Latvia inapezanso ufulu wake mu 1991, ndipo lero pa 23 ndi pa 24 Juni ndi masiku a tchuthi cha boma. Mabanja ambiri amasunga nkhata zija m'nyumba mpaka ziume, n'kudzaziponya pamoto wa chaka chotsatira.