Utoto wa ndege yakale si umboni wakuti inamenya nkhondo

Anthu ambiri akaona ndege yankhondo yakale ikuuluka pa chionetsero ku Britain, amaganiza kuti utoto ndi zilembo za m'nthiti mwake ndi zomwe inali nazo pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Nthawi zambiri sizili choncho.

Taonani ndege yankhondo ya mtundu wa Hawker Hurricane ya nambala PZ865, yomwe imasungidwa ku RAF Coningsby, bwalo la ndege zankhondo ku England, ndi gulu losunga ndege zakale zankhondo la Battle of Britain Memorial Flight. Inapangidwa mu 1944 ku Langley, ndipo ndiyo Hurricane yomalizira kutuluka m'fakitale. Koma kunkhondo sinapite n'komwe. Kampani ya Hawker inaisunga yokha. Mu 1950 anaipaka utoto wabuluu wokhala ndi mizere yagolide, n'kuilembetsa pa mpikisano wa liwiro la ndege wa King's Cup m'dzina la Princess Margaret. Woyendetsa anali Peter Townsend, ndipo anamaliza wachiwiri. Ndege yankhondo yovala ngati yopita ku ukwati!

Gululi linailandira mu 1972. Kuyambira pamenepo, ikamakonzedwa kwambiri amaisintha utoto kuti iimire ndege ina yomwe inamenyadi nkhondo, pokumbukira amene ankaiyendetsa. Inavalapo mitundu ya ndege za ku Burma, kenako utoto wakuda bii wa ndege zosaka adani usiku.

Ena amati uku n'kunamiza anthu. Ine sindikuona choncho, chifukwa gululi silibisa zimenezi. Wofuna mbiri yeniyeni ya ndegeyo afufuze nambala yake ya PZ865, osati zilembo zikuluzikulu zomwe zimasintha utoto ukasintha.