Dongo ndi ng'oma si zotayitsa nthawi kwa ana a kumalo osungirako ana

Pali mawu amene ndatopa kuwamva m'misonkhano ya makomiti oyang'anira malo osungirako ana kuno ku Salima, ndipo amene amawanena ndi anthu amtima wabwino ndithu. Akuti ana awa akufunika chakudya, zovala ndi sukulu, pamene zojambulajambula ndi zoumbaumbazo n'zotayitsa nthawi. Za chakudya palibe akutsutsa. Koma ife amene timapereka uphungu kwa anawa tikudziwa kuti mwana amene anaona mayi ake akumenyedwa mpaka kukomoka, kapena amene anagwiriridwa ndi munthu wa m'nyumba momwemo, amadya nsima n'kukhuta, kenako n'kuchezera usiku wonse maso ali gwa. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, limene dziko lathu linavomereza mu 1991, limanena pa ndime 31 kuti kusewera ndi kuchita nawo zaluso ndi ufulu wa mwana, osati mphotho yopatsidwa akamaliza kusesa.

Mwana wovulala mumtima mukamukhazika pampando n'kumufunsa chimene chavuta, amaweramitsa mutu, chala cha kuphazi chikukanda pansi, n'kuyankha kuti palibe. Si mwano umenewo ayi. Mawu ofotokozera zimene zinamuchitikira alibe, kapenanso anaopsezedwa kuti akaulula aona zakuda. Koma manja ake akatanganidwa ndi dongo, maso ake osayang'anizana ndi munthu wamkulu, amatha kunena za ng'ombe imene waumba zinthu zimene sanganene za iye mwini. Ng'oma nayo ili ndi ntchito yake, chifukwa thupi lozolowera kudzidzimuka limakhazikika likamatsatira kugunda kobwerezabwereza, ndipo mumganda kapena muchioda mwana amaphunzira kudikira nthawi yake ndi kuyendera limodzi ndi anzake popanda womulalikira. Zonsezi sizilira ndalama za mabungwe: dongo lili kudambo, makala ali kukhitchini, mawaya opangira timagalimoto ndi mapepala a matumba a simenti sasowa.

Njira imodzi imene imatithandiza kwambiri ndi ya Mtengo wa Moyo, imene anaikonza mu 2006 katswiri wa zamaganizo wa ku Zimbabwe, Ncazelo Ncube, mothandizana ndi David Denborough wa ku Dulwich Centre ku Australia. Mwana amajambula mtengo: mizu ndi kwawo ndi makolo ake, thunthu ndi zimene amadziwa kuchita, nthambi ndi zimene akuyembekezera, masamba ndi anthu ofunika kwa iye, amoyo ndi omwalira omwe. Nkhani ya mikuntho imene imagwera mitengo imabwera pambuyo, mitengo ya ana onse itapachikidwa pamodzi. Amene anaikonza anaika zinthu motsatana choncho mwadala, kuti mwana ayambe waima pa zimene ali nazo asanakhudze zimene anataya.

Cholakwika china chimachitika ngakhale m'malo amene amati amalemekeza zaluso. Ng'oma imatuluka tsiku limene kukubwera alendo basi, ana amavina, kenako mmodzi amaimitsidwa kutsogolo kuti afotokoze mmene makolo ake anamwalirira, alendo agwetse misozi n'kusiya kenakake. Kumeneko ndi kutokosa bala. Zimene zimathandiza ndi nthawi yokhazikika sabata iliyonse, malo omwewo, ndi munthu wamkulu yemweyo amene sachonga zojambulazo ngati mayeso ndiponso sathamangira kumasulira kuti mtundu wofiira ukutanthauza magazi. Iye amangoti, "Tandiuza za chithunzi chakochi," ndipo mwana akakana amamusiya.

Nkhani imene imandisowetsabe mtendere ndi ya mnyamata wina wa zaka pafupifupi 11, wochokera pa doko lina la m'mbali mwa nyanjamu. Bambo ake anamira bwato lawo litagubuduzika ndi mwera, ndipo mtembo wawo sunapezeke. Mayi ake atakwatiwa kwina, iye anapezeka pamalo ena osungirako ana, kumene sankayankhula ndi munthu ndipo ankakodza pogona. Atapatsidwa dongo anaumba bwato, n'kuikamo tianthu, kenako n'kutulutsamo kamodzi, kukakwirira mumchenga, kukafukula, kukapukuta ndi malaya ake, n'kukabwezera m'bwato muja. Sabata ndi sabata ankachita zomwezo, mpaka tsiku lina anakaloza n'kunena chapansipansi kuti, "Awa ndi ababa." Mwanayo anali kuchita yekha maliro amene akuluakulu sanathe kumuchitira, ndipo pakamwa panali patayamba kutseguka.

Tianthu tija ankatisunga pansi pa matiresi. Mayi wina wolera anawo atatipeza posesa anakuwa kuti wapeza zithumwa, ndipo ana ena anaikira umboni kuti mnzawoyo amatuluka usiku. Ankatulukadi, kukayanika bulangete lonyowa kuseri kuti asamuseke m'mawa. M'malo motumiza uthenga ku ofesi ya Social Welfare, akuluakulu a pamalopo anaitana mneneri wina amene anaphwanya tianthuto pamaso pa ana onse, n'kulamula kuti mwanayo asale kudya ndi kuvomera kuti amatamba. Anavomera, monga angavomere mwana aliyense wanjala wozunguliridwa ndi akuluakulu, ndipo pasanathe sabata anathawa. Nkhani inafika kwa ife zonse zitachitika kale. Anadzaoneka pa doko lina akukoka nawo khoka kuti apatsidwe usipa wa ndiwo, ndipo za kubwerera sanafune kumva. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti olera ankaona madontho a magazi pa kabudula wake koma sanauze munthu, chonsecho kuno kunyanja aliyense akudziwa kuti chimenecho kawirikawiri ndi chizindikiro cha likodzo, matenda amene amavutitsa chikhodzodzo ndipo amatha ndi mapiritsi a praziquantel.

Ndinene mosapita m'mbali. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la Witchcraft Act la 1911, ndipo lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limaletsa kuchitira mwana miyambo yowononga thanzi ndi kakulidwe kake. Kupemphera ndi mwana sikulakwika, koma womumana chakudya, womutema mphini kapena womumwetsa zosadziwika kuti atulutse mizimu akumuzunza, kaya wavala mkanjo woyera kapena wanyamula nsupa. Chenjeraninso ndi anthu obwera masiku awiri n'kudzitcha akatswiri a uphungu, amene amaliritsa ana pagulu kuti "atulutse zonse" kenako n'kukwera galimoto, kusiya olera akulimbana ndi ana olota zoopsa.

Ndipo dongo lili ndi malire ake. Mwana amene amagwa n'kumaphupha kapena kungoti duu kwa kanthawi osamva akuitanidwa angakhale ndi khunyu, ndipo mankhwala ake, monga phenobarbital ndi carbamazepine, amaperekedwa kuchipatala, osati pabwalo la masewero. Amene akudzicheka, akukamba zodzipha, wasiya kudya kapena akumva mawu a anthu osaoneka apite kuchipatala cha boma tsiku lomwelo, ndipo madokotala ndiwo aone ngati n'kofunika kumutumiza ku zipatala za matenda a maganizo, ku St John of God ku Lilongwe kapena ku Zomba Mental Hospital. Mwana akaulula pojambula kapena pa sewero kuti wagwiriridwa, musamulonjeze kuti musunga chinsinsi, musamupanikize ndi mafunso, ndipo musadikire kuti komiti ikumane Loweruka. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Lembani mawu ake monga wawanenera, pitani naye kuchipatala ndi ku Victim Support Unit ya apolisi, ndipo ngati mukusowa poyambira imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Zimenezi zichitike ngakhale wotchulidwayo atakhala wogwira ntchito pamalo pomwepo kapena amene amabweretsa matumba a chimanga.