Kuyezetsa HIV sikuwononga mapepala anu: uthenga kwa abale okhala ku America

Mphekesera ija yayambanso kuzungulira m'magulu a WhatsApp. Akuti munthu ukakayezetsa n'kupezeka ndi kachilombo ka HIV, green card, chiphaso chokhazikika mu America, ungoiwalako. Abale anga, limeneli ndi bodza. Lamulo loletsa anthu omwe ali ndi HIV kulowa kapena kukhazikika mu America linachotsedwa mu Januwale 2010, ndipo kuchokera nthawi imeneyo dokotala woyeza ofuna green card salamulidwanso kuyeza HIV.

Njira zotengera kachilomboka mukuzidziwa kale kuchokera kumudzi: kugonana mosadziteteza, kubwerekana majakisoni, komanso mayi kupatsira mwana ali m'mimba, pobereka kapena poyamwitsa. Chimene chikundisowetsa tulo ine ndi kuchedwa. Ndinalandirapo mayi wina kuchipatala, lamba atamuboola mabowo awiri atsopano, m'kamwa muli zilonda zoyera, akutsokomola osalekeza. Zaka zitatu ankangomwa mankhwala a chifuwa ogula m'sitolo, kuopa kuti kuyezetsa kudzamuthamangitsitsa m'dziko muno. Pofika kwa ife chitetezo cha m'thupi chinali chitatheratu.

Muno mu America anthu akuda ndi pafupifupi 13 pa 100 alionse, koma mwa anthu 10 opezeka kumene ndi HIV, pafupifupi 4 amakhala akuda. Sikuti magazi athu ndi osiyana ndi a ena ayi. Vuto ndi chisamaliro chosafika kwa onse. PrEP, mankhwala oteteza munthu amene alibe kachilombo, anavomerezedwa mu 2012, ndipo lero alipo ngakhale a jakisoni, koma ambiri amene akuwalandira ndi azungu. Madera ngati Texas, Georgia ndi Florida sanakulitse Medicaid, inshuwalansi ya boma yothandiza anthu osauka, kuti ifikire ambiri, choncho munthu wogwira maganyu amatsala opanda inshuwalansi. Anzathu akuda obadwira konkuno amakumbukiranso za ku Tuskegee, komwe kuyambira 1932 mpaka 1972 amuna akuda odwala chindoko anasiyidwa dala osapatsidwa mankhwala pa kafukufuku wa boma. Mantha awo ndimawamvetsa. Koma kachilombo sikadikira kuti mantha athe.

Ngati mulibe inshuwalansi, funsani chipatala chothandizidwa ndi pulogalamu ya Ryan White, yomwe inayamba mu 1990 kuti ovutika apeze ma ARV. Munthu womwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachilombo kosaoneka poyeza magazi sapatsira mnzake pogonana. Amene muli ndi ufulu wovota, imbirani aphungu a dera lanu, muwafunse za ndalama za Ryan White ndi za Medicaid. Nkhaniyi muikambenso kutchalitchi ndi pamisonkhano ya bungwe lanu.

Koma choyamba kayezetseni, sabata ino, osadikira kuti mapepala atuluke kaye. Ndipo ngati mwagonana mosadziteteza ndi munthu amene simukudziwa za magazi ake, thamangani kuchipatala mukapemphe PEP, mankhwala oteteza munthu amene mwina wangokumana ndi kachilombo, maola 72 asanakwane. Akadutsa maola amenewa, mankhwalawa sakutetezaninso.